Mende, Kapuku ndi Kanthambi ka Kholowa

Kalekale, ana anga, anthu asanadziwe kuti mumpweya muli chiyani, padali bambo wina wokonda kuyesa zinthu. Ankayatsa kandulo n'kuivundikira ndi botolo lalikulu lagalasi, ndipo posachedwa inkazima.

"Chatha m'katimu n'chiyani?" ankadzifunsa.

Tsiku lina anagwira mbewa ziwiri, Mende ndi mlamu wake Kapuku. Anavundikira aliyense m'botolo lakelake pawindo, ndipo monsemo anaikamo kanthambi ka kholowa m'kachikho ka madzi.

Kapuku sanachedwe. Kukuta, kukuta, masamba onse psiti!

"Alamu, idyani!" anakuwa ali kwake. "Ndiwo zaulere izi."

Mende nayenso njala inali itamugwira. Koma atayasama, anaona kuti tsamba limene ankafuna kuluma ndi lomwe linkamutchingira dzuwa pamsana. Anatseka pakamwa.

"Zikomo mayi," anatero Kholowa chapansipansi. "Idyani lachikasuli, latopa kale. Obiriwirawa ndisiyireni. Mpweya umene mukutulutsa ndimamwa ine, ndipo dzuwa likandiwalira ndimakubwezerani wabwino."

Atatero anayamba kuimba:

Puma iwe, ndipume ine,
dzuwa likadalipo.

Dzuwa litapendeka, Kapuku anayamba kubanika.

"Alamu, pachifuwa panga..." Anagwa chammbali.

Mende anakanda galasi, anakanda, analira, mpaka bambo uja anacheuka. Ataona Kapuku ali kwala, anamunyamula kumchira n'kumulowetsa msanga m'botolo la Mende, kuti aone chimene chichitike.

"A Kholowa, tsopano tili awiri," anatero Mende. "Mukwanitsa?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndikankhireni kumene kwatsala dzuwa."

Mende anakankha kachikho ndi mphuno, pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Kholowa anatambasula masamba ake onse, ngakhale katsamba kamene kanangophukira dzulo lake.

Puma iwe, ndipume ine,
dzuwa likadalipo.

Patapita nthawi, ndevu za Kapuku zinagwedezeka. Anatsegula diso limodzi. Pamphuno pake penipeni panali tsamba lanthete, lonunkhira. Analiyang'ana nthawi yaitali, malovu atadzaza m'kamwa. Mende anangomugwira dzanja.

Kapuku anameza malovu aja. Anatulutsa lilime n'kunyambita kafumbi kamene kanali patsambapo, mpaka tsambalo linawala.

Nthano yanga yathera pomwepa, ana anga: musanadye chimene chili pafupi nanu, yambani mwaona ngati si chomwe chikukupatsani mpweya.