Tepi ya a Wyson Tembo

Kodi mungalote chimene chili pa tepi ya vidiyo imene a Wyson Tembo anabwera nayo kuchokera ku mtsinje wa Amazon m'chaka cha 1996? Tepiyo imakhala pamwamba pa kabati m'nyumba yawo ku North York, m'dziko la Canada, koma eni ake saionetsa alendo.

Amene anaufuna ulendowo ndi akazi awo, a Phyllis. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri anali akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kudyetsa anthu oti supuni imodzi ya phala amaimeza patapita mphindi zitatu. Msana unali utakana, chisanu chitawalowa m'mafupa. Iwo ankangofuna kokakhala pansi n'kumva dzuwa. Koma a Wyson anagula kamera, nalengeza kutchalitchi kwawo m'tauni yapafupi ya Brampton kuti adzabwera ndi nyalugwe wa kumeneko pa tepi, aliyense adzadzionere yekha.

Atafika ku Amazon n'kukwera bwato, wowaperekeza analangiza alendo onse kuti akhale chete, asankhe malo amodzi m'masamba n'kuikapo maso.

"Ameneyu andiphunzitse ine za nyama?" anatero a Wyson. "Ndinakulira m'mphepete mwa Luangwa ine. Nyama ikakhalapo imaoneka."

"Kwanuko n'kwa udzu, bambo a Naomi," anatero a Phyllis. "Mverani. Kuno ndi masamba okhaokha. Takhalani pansi."

Sanakhale. Masiku anayi athunthu anali yakaliyakali, uku ndi uku, bwato likupendama. Mbalame zinkauluka kamera isanaloze, anyani ankangowasiyira nthambi zikugwedera. Alendo anzawo anayamba kuwayang'ana cham'mbali. A Phyllis analeka kuwadzudzula, mphamvu zake analibe.

M'mawa wa tsiku lomaliza bwato linaima pakagombe kabata, injini itazimitsidwa. Batire itatsala pang'ono kutha, a Wyson, thukuta lili kamukamu, anafulatira nkhalango n'kulozetsa kamera kwa akazi awo.

"Taonani amayi akunyumba, abale. Ndege ziwiri takwera, iwo kubwera kudzawodzera."

Sankawodzera. Maso awo anali pa chipika chimene chinali kumbuyo kwa amuna awo. Anali atachiyang'ana kwa theka la ola chifukwa mthunzi wina pamenepo unkaoneka ngati ukupuma. Tsopano mthunziwo unali utatsegula maso.

"Tembenukani pang'onopang'ono," ananong'ona a Phyllis.

"Mukuti chiyani? Kwezani mawu, kamera ikujambula."

Potembenuka, phazi lawo linagunda benchi. Pachipika paja panangotsala chinyezi cha pomwe chinagona chilombo.

Ku Brampton anthu anafunsa Lamlungu ndi Lamlungu mpaka anatopa. A Wyson ankayankha kuti tepi inawonongeka ndi mvula ya m'nkhalango. A Phyllis sanawatsutse. Anabwerera ku shifiti yawo, supuni m'manja, kudikira nkhalamba imeze. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tepiyo ndi yabwinobwino. Muli masamba a maola atatu, ndi nkhope ya a Phyllis akuyang'ana nyalugwe.