Nkhafi ya Dzoole Pansonga pa Phiri

Kalekale, agogo anu asanamere n'komwe mano, kunali phiri lalitali, nsonga yake yobaya mitambo. Patsinde pake panali nyanja.

Panyanjapo panali msodzi, dzina lake Dzoole. Manja anali amphamvu, koma miyendo, mayo ine, bango lenileni! Munthu wongokhalira m'bwato.

Dzoole anakonda Nankhoma, namwali wa m'mudzi wa m'phirimo. Anamukonda mpaka kumaiwala kuvuula ukonde. Koma mayi ake a Nankhoma ataona miyendo ija anapukusa mutu.

"Minda yathu ili pamtsetse," anatero. "Mkamwini wa miyendo iyi adzagubuduka ndi khasu lomwe. Bambo, kaikeni nkhafi yanu pansonga pa phirili, tonse tione. Mukalephera, mwana wanga mumuiwale."

Dzoole anayang'ana nsonga ija mpaka khosi kuwawa. Anayang'ana miyendo yake. Anausa moyo.

M'mawa mwake, madzi ali bata, anaona phiri lonse lili chadodolido m'nyanja, nsonga yake pafupi ndi bwato. Anaseka yekha. "Ha! Ndiye ndikathyokerenji miyendo?"

Anakweza mayi aja ndi Nankhoma m'bwato, n'kupalasa. Kenako anagoneka nkhafi pamadzi, pansonga penipeni.

"Amayi, onani! Nkhafi ili pansonga!"

Inu mukuti mayi aja anakwiya? Ayi ndithu. Anaomba m'manja.

"Mwatha, bambo, mwatha! Nankhoma, tasuzumira m'madzimo."

Nankhoma anasuzumira, nkhope yake n'kuoneka m'madzi.

"Mkazi wanu ndi uyo, bambo," anatero mayi aja, akuloza m'madzi. "Mtengeni."

Dzoole anawerama kuti aonetsetse, bwato n'kupendekeka, iye m'madzi phava! Mkazi wa m'madzi uja n'kubalalika. Nankhoma anaseka mpaka misozi. Pomukoka anamunong'oneza kuti, "Ine weniweni ndilipo, koma sindidikira mpaka dzinja."

Basitu, Dzoole ananyamula nkhafi. Kukwera, kupuma. Kukwera, kutukwana. Anyani kumuseka, iye kukwerabe. Tsiku lachitatu anaizika pansonga, mudzi wonse n'kuiona. Potsika miyendo inakana, anatsika chokhala, thalauza lake, pepani, chikopa chimene anavala chonse kumbuyo n'kutha.

Ukwati unachitika. Patapita masiku, Dzoole anasowa nsomba.

"Amayi, ndikaponyeko ukonde."

"Pitani, bambo," anatero apongozi ake. "Nkhafi yanu ili komwe munaisiya. Kaitengeni."

Dzoole anayang'ana nsonga ija. Anayang'ana miyendo yake. Anakanda mutu.

"Amayi, khasu lija lili pati?"

Ndiye inu ana, mukafuna chinthu chenicheni, musamachite zachidule. Mukapereka chithunzithunzi, nanunso adzakupatsani chithunzithunzi, n'kunyowa pamwamba pake. Nkhafi ija ikadali pansonga paja, ndipo nthano yanga yathera pompo.