Womezanitsa Mango ndi Chiwindi cha Mlongo Wake

Panali munthu wina kwathu kuno, katswiri womezanitsa mango. Ankadula kanthambi ka mtengo wabwino, n'kukalumikiza pa tsinde la mtengo wina, n'kumanga ndi pulasitiki. Zikagwirana, ankamasula. Dzanja lake silinkaphonya, ndipo mwiniwake ankadziwa zimenezo, mwina mopitirira muyeso.

Kenako chiwindi chake chinawonongeka. Maso anachita chikasu, mimba inatupa. Mlongo wake wamng'ono, mayi wa ana atatu, anavomera kuti madokotala a kunja adule mbali ya chiwindi chake n'kuika mwa mchimwene wakeyo. Onse awiri anadzuka amoyo.

Pomutulutsa, dokotala anamuuza kuti: "Bambo, thupi lanu lidzaona chiwindichi ngati mlendo mpaka kalekale. Mankhwalawa amafatsitsa asilikali a m'thupi kuti asachiukire. Muzimwa tsiku lililonse, moyo wanu wonse."

Anamwadi. Zaka zinapita, thupi linabwerera, anayambanso ntchito. Koma mankhwalawo anali ndi zowawa zake. Chimfine chilichonse chodutsa chinkamupeza, ndipo manja ankanjenjemera akagwira kampeni. Tsiku lina atawononga nthambi zingapo podula mokhota, anati mumtima: "Ntchito iyi ndimaidziwa ine. Chomezanitsa chikagwira, umamasula. Ukachisiya chomanga, umachifinya." Analeka kumwa, osauza munthu.

Manja anasiya kunjenjemera. Bamboyo anasangalala, ndipo chisangalalo chimenecho chimandiwawa ndikachikumbukira, chifukwa m'kati nkhondo inali itayamba mwakachetechete. Pamene maso ankachitanso chikasu, madzi anali atafika kale m'khosi.

Mlongo wake anabwera kuchipatala. Sanakalipe. Anakhala pambali pa bedi, kenako anati: "Achimwene, ndinali ndi chimodzi chokha choti n'kugawa. Ndinakupatsani."

Mwezi umenewo usanathe, bamboyo tinakamuika m'manda.

Tsono inu amene munayambana ndipo tangokuyanjanitsani pano, musachoke mukunena kuti zatha, tagwirana basi. Munthu si mtengo. Chikhululuko chimene mwalandirachi mnzanuyo wachita kudzicheka kuti akupatseni, ndipo mtima wanu womwewo ndi umene udzayambe kulimbana nacho. Muzichisamala tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene zikutopetsani. Makamaka muope tsiku limene mudzadzimve kuti muli bwino kwambiri. Wokupatsaniyo mwina sadzakhala ndi china.