Ngalande ya Khansala Chimbalanga

Nkhaniyi adandiuza ndi aNangondo, Mulungu awasunge, tikuchokera ku mapemphero. Ndikuinena monga adainenera.

Pakatauni kathu ka kumapiri, Khansala Chimbalanga adasirira kasupe wa aNamaseko, mayi wamasiye amene ankathirira naye mbatata.

"Mayi, madziwa ndi a boma. Azipita ku kabichi wanga kumunsi uko," adatero khansala.

"Tengani, bwana," adayankha mayiwo. "Koma mukawongola ngalande mukumana ndi thanthwe. Okumba azinditsatira ine."

Thanthwelo kudalibe. Mayiwo adawayendetsa okumbawo mokhotakhota, kudutsa m'mbatata zawo, m'dimba la uyu, m'tomato wa uje. Anthu adayamba kuyimba zotamanda chitukuko. Khansala adadzimva, navala suti, naitana akuluakulu a kukhonsolo kudzatsegulira ngalandeyo.

Madzi atatsika, aliyense adapatutsa ake. Kwa khansala kudafika matope okha.

"Tsekani ngalandeyi," adanong'ona.

"Titseke chitukuko chanu, bwana, alendo akuona?" adafunsa aNamaseko mokweza.

Alendo atawomba m'manja, khansala adawomba nawo.

ANangondo adamaliza motere: "Kabichi wake adauma, mwanawe, koma sitidamumane zonse. Dzina tidamusiyira. Mpaka lero timati ngalande ya Chimbalanga."