Lipenga la Chikhasu

Kalekale, makolo a makolo athu akadali ana, kunali mtsinje wochokera pamwamba pa phiri. Unkayamba ngati kakasupe, n'kugwa pamathithi, n'kupanikizika m'matanthwe. Ukafika kuchigwa unkayenda mofatsa, ndipo anthu ankalima madimba m'mphepete mwake.

Koma mtsinje wa m'phiri ngwachinyengo, mwanawe. Mvula imatha kugwa kumtunda, kuchigwa dzuwa likuswa mtengo. Madzi amangofika osaodira.

N'chifukwa chake kuphiri kunkakhala munthu wa lipenga. Mvula ikakula, ankaliza, a kuchigwa n'kuthawa m'madimba. Pa nthawiyo mwini lipenga anali Chikhasu, munthu wosachedwa kupsa mtima.

Chikhasu anali ndi mwana mmodzi yekha, Nachanza. Kunabwera mnyamata wa kuchigwa, dzina lake Thombozi, n'kumukwatira. Mwambo unali wakuti mkamwini akhale kwa mkazi, alimire apongozi. Thombozi sanapirire. Anamutenga Nachanza n'kutsika naye kwawo, osapempha chitengwa, osatsanzika.

Chikhasu anawawidwa mtima. Anati, "Anthu andibera mwana. Lipenga langa salimvanso mpaka adzapepese."

Dzinja linafika. Tsiku lina masana mitambo inaphimba phiri, mvula n'kuyamba. Inagwa, inagwa, inagwa. Mtsinje unafiira.

Mkazi wa Chikhasu anati, "Bambo a Nachanza, lizani lipenga."

Iye anati, "Abwere adzapepese kaye."

Miyala inayamba kugubuduka m'madzi, mitengo kuzuka.

"Bambo a Nachanza, mwana wathu amalima dimba komweko. Lizani."

"Ali ndi mwamuna. Amuuze mwamuna wakeyo."

Ine zimandiwawa ndikafika pamenepa. Lipenga analigwira m'manja, mwanawe, m'manja mwenimwenimu. Ankangofuna kuti a kuchigwa achite mantha pang'ono, adziwe kuti kuphiri kuli munthu. Koma madzi sadikira kuti mtima wa munthu uphwe.

Atamva mathithi akubangula ngati mkango, mkwiyo unatha, mantha n'kulowa. Analiza. Analiza mpaka milomo kung'ambika. Kenako anathamanga kutsika phiri, akugwa, akudzuka.

Kuchigwa anapeza dzuwa likuwalabe, koma madimba kunalibe. Kunali matope okhaokha ndi miyala. Thombozi anakhala pansi, atafumbata khasu la mkazi wake.

Chikhasu anafunsa, "Mwana wanga ali kuti? Kodi lipenga simunalimve?"

Thombozi sanadzutse mutu. Anati, "Tinalimva, apongozi. Nachanza ankati tisadandaule, bambo ake angakwiye bwanji sangatisiye osaliza. Tinalimva madzi atamutenga kale."

Chikhasu anatembenuka. Anatsatira mtsinje kunka kumunsi, akuitana dzina la mwana wake, ndipo sanam'peze.

Wamva, mwanawe? Ukakhala kumtunda, moyo wa a kumunsi uli m'manja mwako. Kwiya nawo, kangana nawo, koma ngozi ikamabwera uwachenjeze msanga. Mlandu mudzakamba mawa, nonse muli moyo.

Nthano yanga yathera pamenepa.