Khomo Lothawira Ameya

Ana inu, ine ndaphunzitsa mpaka imvi zamera, ndipo chinthu chimodzi sichinasinthe. Ndikafunsa kuti ndani akufuna kutsogolera kalasi, manja amakwera onse, ena mpaka awiriawiri. Koma galasi la pawindo likasweka, ahedi n'kubwera kudzafunsa, mtsogoleri uja amapezeka kuti wapita kukamwa madzi. Musaseke, ndikukudziwani. Khalani bwino ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi wina umene mumaumva kwa makolo anu.

M'dziko lina munali mzinda wotchedwa Kalindang'oma. Poyamba kanali kamudzi chabe ka pa mphambano, koma tsiku lina boma linati likulu la dziko likhale pamenepo, ndipo mtendere unathera pomwepo. Anthu anakhamukirako ndi mitolo pamutu. Msewu unkakumbidwa lero, mawa n'kukwiriridwa, mkucha n'kukumbidwanso. Nyumba zinkangomera ngati bowa. Malo otere anafunika mwini wake, choncho anayamba kusankha meya, munthu woyang'anira misika, misewu, madzi ndi zinyalala zomwe. Ankamuveka unyolo wonyezimira m'khosi kuti aliyense azimudziwa.

Meya woyamba anali a Gwirize. Chaka chisanathe analetsa ngolo za ng'ombe kulowa mumzinda, ati ndowe zikunyozetsa likulu. Eni ngolo anabwera ku ofesi zikwapu zili m'manja. A Gwirize atasuzumira panja, anadumphira pawindo lakumbuyo n'kugwera m'nthochi, buluku n'kung'ambika pamalo osatchulika. Mawa lake anaitana mmisiri kuti aboole khomo pamene panali windo lija, kuti tsiku lina asadzawonongenso buluku. Eni ngolo anauzidwa kuti wolakwa anali mlonda wa pachipata amene sanamvetse lamulo, ndipo mlondayo anachotsedwa ntchito.

Mwambo unayamba choncho. Mipopi itauma m'nthawi ya meya wachiwiri, meya anatulukira kumbuyo, woyang'anira thanki n'kuchotsedwa. Zinyalala zitaunjikana m'nthawi ya wachinayi, anachotsedwa dalaivala wa lole, pamene loleyo inali itakhala miyezi itatu yopanda matayala. Wachisanu ndi chimodzi ndiye anali katswiri: ankatulukira pakhomopo ngakhale akamva gulu la ukwati likudutsa. Ameya asanu ndi awiri anadzera pamenepo, mpaka m'nthochi muja munapondeka kanjira kosameranso udzu. Kiyi wa khomolo ankasunga a Mdyetseni, mlembi wamkulu wa mzinda, amene anatumikira ameya onsewo. M'kabati mwawo munkakhala kalata yochotsa munthu ntchito yolemberatu, yongotsala mpata wa dzina.

Meya wachisanu ndi chitatu anali mayi, dzina lawo Rozina Nagama. Asanakhale meya ankagulitsa nsalu mumsika waukulu, ndipo khomo lija ankalidziwa bwino. Iwonso anaimapo pabwalo la ofesiyo tsiku lonse pamodzi ndi amayi anzawo, akukuwa mpaka mawu kusasa, osadziwa kuti akukuwira chipinda chopanda munthu. Pokopa anthu kuti awasankhe ankalumbira kuti, "Khomo limenelo ine sindidzalikhudza." Anthu anawakhulupirira.

A Nagama sanali munthu woipa, koma anali wosakhazikika. Tiyi ankamwa choimirira. Akalamula chinthu m'mawa ankafuna achione dzuwa lisanapendeke, ndipo wowauza kuti tadikirani ankamuona ngati mdani. Chaka chimenecho likulu linkakwanitsa zaka makumi awiri, ndipo kunkabwera alendo ochokera m'maiko ena. Tsono m'mbali mwa msewu wodzera kumsika munali ngalande yaikulu, yakuda ndi yonunkha. A Nagama akaiona mutu unkawawawa. Anaitanitsa a Yotamu Msokera, kapitawo wa ngalande, mkulu wofatsa amene anatsala ndi miyezi iwiri yokha kuti apume pa ntchito.

"A Msokera, ngalande iyi muikwirire. Mudzalepo maluwa."

A Msokera anavula chipewa. "Mayi, pepani ndilankhuleko. Ngalandeyi sitinaiyambe ndife. Pano panali khwawa mzinda usanabwere, ife tinangolikonza m'mbali. Madzi saiwala khwawa, mayi."

"Mvula mwaiona kuti? Uno ndi Okutobala. Alendo akapita mudzafukula."

"Nanga ikatipeza tisanafukule?"

"Bambo, kodi meya ndi inu kapena ndine?"

"Ndinu, mayi. Ndiye mungondilemberako kakalata."

"Ndilibe nthawi ya makalata ine. Mawu angawa akukwanirani."

Ngalande inakwiriridwa. Alendo anabwera, anayamikira maluwa, anajambulitsa, n'kupita kwawo. A Msokera anabwera kawiri kudzakumbutsa za kufukula, ndipo kawiri konseko anauzidwa kuti adikire, ameya ali pa msonkhano. Lachitatu lotsatira, cha m'ma 2 koloko masana, kumwamba kunada bii! Inagwa mvula ija timati chizimalupsa, koma tsiku limenelo sinabwere kudzazima lupsa lokha. Madzi anatsika kumtunda akufuna njira yawo yakale, anaipeza yotseka, ndipo anakhotera mumsika. Ufa unasanduka phala, usipa unayandama, nsalu zinapita. Mayi Nangondo, mnzawo wa a Nagama wa pa benchi loyandikana kalelo, anaona matumba awo onse a mchere akusungunuka iwo akuyang'ana. Kenako khoma la msika linagwa n'kuthyola mwendo wa amuna awo, amene ankasoka nsapato m'munsi mwake.

M'mawa mwake anthu a mumsika anapeza a Msokera ali okhaokha ndi fosholo, akuyesa kufukula ngalande ija. Wina anakuwa kuti, "Ndi ameneyu anakwirira!" Anawagwira, ena malaya ena lamba, n'kuwakokera ku ofesi ya meya. Chikhamu chinkakula pa mphambano iliyonse, ndipo ambiri anatola zibuma za dothi limene linatsala pokwirira paja.

Mu ofesi a Nagama ankangozungulira. Apite pawindo, abwerere patebulo, akhale pampando, adzukenso. Phokoso linkayandikira. A Mdyetseni analowa mwakachetechete, dzanja limodzi kiyi, linalo kalata.

"Mayi, galimoto ili kuseri kwa nthochi. Inu tulukani, zotsalazi ndi zanga. Dzina ndalemba kale, mungosaina apa."

A Nagama anayang'ana kalatayo. Mu mpata uja munali dzina la Yotamu Msokera.

"Koma ndinawalamula ndine."

"Ndani anamva? Pali kalata? Palibe. Onse asanu ndi awiri anachita chonchi, mayi, ndipo onse anamaliza nthawi yawo mitu ili yosalala."

"Nanga a Msokera?"

"Awamenyako pang'ono, apolisi afika. Ntchito ndiye yatha, ndi ndalama za pa ukalamba zomwe, koma nanga titani? Mzinda sungakhale opanda meya. Kapitawo tipeza wina mawa."

Pano ndisakunamizeni, ana inu. Ndikanakonda kukuuzani kuti a Nagama anang'amba kalatayo nthawi yomweyo, koma sizinatero. Anachita mantha, mantha enieni. Analandira kiyi uja n'kutsegula khomo limene analumbira kuti sadzalikhudza. Anaona kanjira kaja kali mbee pakati pa nthochi, ndipo anaponda phazi limodzi kunja.

Ali pomwepo anamva mawu a Mayi Nangondo kutsogolo kwa ofesi. "Tiuzeni, madala! Anakutumani ndani?"

Kenako anamveka mawu a a Msokera, otopa. "Ndinakwirira ndine, ana anga. Fosholo inali m'manja mwanga."

Mkulu uja sanatchule dzina la munthu. Ankadziwa mwambo wa pa ofesipo, ndipo anali atavomera kale kuti lero ndi tsiku lake. Mawu amenewo anawalasa a Nagama kuposa kutukwana kulikonse. Anakumbukira tsiku lija iwo anakuwira chipinda chopanda munthu, ndipo anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anabweza phazi lija, n'kutseka khomo.

"A Mdyetseni, ndipatseni unyolo."

"Unyolo? Mayi, mukavala umenewo akuonerani patali! Bola mutuluke wamba."

"Ndi chimene ndikufuna, andione."

Anauvala okha, mopotoka, n'kutsegula chitseko chakutsogolo. Chikhamu chinadabwa, chifukwa kwa zaka makumi awiri pakhomo limenelo pankatuluka mlembi ndi kalata basi. A Msokera anali atagwada pa masitepe, malaya ong'ambika, matope thupi lonse. A Nagama anatsika mofulumira n'kuima patsogolo pawo. Nthawi yomweyo chibuma chinali chitachoka kale m'dzanja la Mayi Nangondo, cholinga a Msokera. A Nagama anachiona chikubwera. Onse anaona kuti achiona. Sanawerame, sanapendeke. Chinawapeza pamphumi kuti phwa! Munali kamwala m'kati, ndipo magazi anatsikira pa unyolo uja.



"Amene anakwirira ngalande ndine," anatero a Nagama. "Bambo awa anandiletsa, ine ndinawakalipira. Anapempha kalata, ndinawakaniza. Anabwera kawiri kudzandikumbutsa, sindinawalole kulowa. Mwendo wa amuna anu, a Nangondo, ndathyola ndine. Ngati zibuma zatsala, mutu wake ndi uno. Koma awa asiyeni."

Palibe anaponyanso. Si kuti mkwiyo unatha, ayi, koma n'kovuta kugenda munthu amene akukuyang'ana m'maso n'kumavomera. Zibuma zinayamba kugwa pansi chimodzichimodzi. Mayi Nangondo anakwera masitepe, nkhope ili gwa, anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo n'kuyamba kumanga bala lija mosanyengerera.

"Sindinakukhululukireni, a Nagama, musaganize choncho."

"Ndikudziwa, anzanga."

"Nanga bwanji simunalewe? Munachiona chikubwera."

"Ndikanalewa chikanamenya a Msokera, anali kumbuyo kwanga. Pamene munkandisankha, mutu wangawu ndi umene munaukuza kuposa yonse mumzinda muno. Ukakula choncho ulewera kuti? Ukangolewa, nkhonya imagwera wamng'ono."

Tsiku lomwelo a Nagama anavula nsapato n'kulowa m'matope ndi fosholo, bala lili pamphumi, ndipo anthu a mumsika anatsatira, ena akung'ung'udzabe. Anafukula masiku asanu ndi anayi, a Msokera akuwalozera pokumba. Ntchitoyo itatha, meya anaitana mmisiri kuti atseke khomo lakumbuyo lija ndi njerwa, ndipo njerwa yoyamba anaika okha. Kalata ya mpata wa dzina ija a Mdyetseni anaiotcha.

Mwina mukuyembekeza kuti anthu anawasenza pamapewa. Sanatero. Mchere wa a Nangondo sunabwerere, amuna awo anatsimphina moyo wawo wonse, ndipo pa chisankho chotsatira a Nagama sanasankhidwenso. Anabwerera ku benchi lawo la nsalu ndi chipsera pamphumi. Koma a Msokera anapuma pa ntchito mwaulemu, dzina lawo lili loyera, ndipo Loweruka lililonse ankadzera pa benchipo kudzapereka moni chipewa chili m'manja.

Meya wachisanu ndi chinayi atalowa mu ofesi tsiku loyamba, anazungulira chipinda chonse akugogoda makoma. Kenako ananong'oneza mlembi. "A Mdyetseni, paja amati muli kakhomo muno. Zikadzavuta ndidzatulukira pati?"

A Mdyetseni analoza chitseko chakutsogolo. "Ndi chomwecho, bwana. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Mawuwo anatuluka mu ofesimo n'kufika mumsika, kuchoka mumsika n'kufalikira m'midzi, mpaka lero tikuwanenabe: mutu ukakula sulewa nkhonya. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu akakhala wamkulu, kaya m'banja, kaya pa ntchito, kaya mumzinda, mavuto ndi madandaulo amayenera kufikira iye, ndipo sayenera kuwathawa kapena kukankhira ena. Ulemu ndi nkhonya zimabwera pa mutu umodzi womwewo, sungasankhepo chimodzi. Ndipo kumbukirani chimene a Nagama anaona pa masitepe paja: nkhonya imene wamkulu walewa siimathera m'malere, imakagwera wina amene waima kumbuyo kwake, amene alibe pothawira.

Tsono mawa ndikadzafunsanso kuti ndani akufuna kutsogolera kalasi, kwezani manja, sindikukuletsani. Koma musanakweze, tembenukani kaye muone amene ali kumbuyo kwanu.