Ming'oma Makumi Atatu ya kwa Cauich

Anacleto Cauich atabwera kumudzi kudzaika maliro a bambo ake, anapeza kuti amusiyira ming'oma makumi atatu ya njuchi zosaluma, yosanjikizana m'chisakasa kuseri kwa nyumba. Njuchizo zinachokera kwa agogo a agogo ake, ndipo pabanjapo panalibe chuma china choposa chimenecho. Koma mwini watsopanoyu anali atatha zaka khumi ndi zisanu akuperekera zakudya m'mahotela a kugombe. Wodziwa kufula uchi anali mlongo wake wamkulu, Fidelia, amene anakulira pambali pa malemuwo.

Tsiku lina Anacleto anaona alendo odzaona mabwinja a makolo akulimbirana timabotolo ta uchi pachipata, mtima n'kumudyoka. M'mawa mwake anatenga mpeni ndi zidebe.

"Achimwene, mvula yayamba, njuchi zilibe maluwa," anatero Fidelia. "Komanso bambo asanatsegule mng'oma ankayamba..."

"Achemwali, kaphikeni uko. Kufula uchi komweku mpaka sukulu? Tizilombo take tosaluma n'komwe!"

Fidelia anameza mawu ake n'kubwerera kukhitchini. Munthu wamatama ndi wovuta kumuthandiza, ndipo nayenso mayiyu mtima unali utamuwawa.

Anacleto anatsegula ming'oma yonse tsiku limodzi, n'kukhuthula uchi osasiyako ndi dontho lomwe. Sankadziwa kuti bambo ake ankayamba apaka pakamwa pa mng'oma masamba a mtengo wina wamakungwa ofiira kuti abise fungo, kenako n'kumata dothi msangamsanga. Iye anamata mochedwa, mwachisawawa, uchi uli mbwee pansi. Tintchentche tinamva fungolo, tinalowa n'kuikira mazira.

Patatha sabata ziwiri, m'chisakasa munali zii. Anatsegula mng'oma woyamba, anapeza mphutsi zokhazokha. Wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa womaliza anakhala pansi, manja ali kunkhongo.

"Achemwali, bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani, inu munandituma kukaphika," anayankha Fidelia, misozi ili chuchuchu. "Tsiku limene bambo anamwalira, ndine amene ndinabwera muno kudzaziuza njuchizi za malirowo, monga mwa mwambo. Ndinazipempha kuti zisathawe, ndinati mwana wawo wamwamuna akubwera kudzazisamala. Zinandimvera, achimwene. Zinadikira inu."

N'zomvetsa chisoni kuti njuchi zimene zinapirira mibadwo isanu zinathera m'manja mwa munthu amene anaona ngati funso limodzi lokha limuchotsa ulemu. Akale sananame: safunsa anadya phula.